Mmene Ndinachotsera Luwiza Pasukulu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinalowa Sitandade 8, ndipo kuchokera mu Sitandade 3 panalibe amene anandichotsapo pa nambala wani. Sindikunena izi podzitama ayi. Ndikufuna mudziwe kuti ndinali mwana wotani, kuti zimene ndinachita chaka chimenecho muzimvetse, ngakhale sindikupempha kuti muzikhululukire.

Tinkakhala ku Chilomoni. Bambo anga anali kalipentala, ndipo shedi yawo inali m'mbali mwa msewu, kutsogolo kwa nyumba yathu. Tsiku lotsekera sukulu ankandidikira pomwepo, pensulo ili pakhutu. Ndikawapatsa ripoti ankayamba apukuta manja ku ovolosi, kenako n'kuwerenga mokweza kuti anzawo owotcherera zitsulo pafupipo amve. "Tadala wabwerezanso!" Azibambo aja ankandigwira chanza ngati munthu wamkulu. Ndinakula ndikudziwa kuti nambala wani ndi dzina langa lachiwiri, ndipo kuti tsiku limene ndidzalitaye ndidzangokhala mwana wamba ngati ena onse.

Njira yanga yowerengera inali imodzi yokha, kuloweza. Mutu wanga unali ngati guluu wa bambo, chilichonse chinkangomatirira. Ndinkatha kunena tsamba lonse la notsi m'Chingerezi osaphonya liwu, koma mukanandifunsa tanthauzo lake ndikanangokuyang'anani. Mayeso akatha zonse zinkauluka, ndipo palibe amene ankadandaula, poti malikisi anali atalowa kale.

Chaka chimenecho kalasi yathu inagwa m'manja mwa a Khoromana, mphunzitsi wachikulire wa ku Phalombe amene anatsala pang'ono kupuma pantchito. Anali aafupi, aimvi, ndipo m'matumba a jekete yawo yabulauni munkayera choko nthawi zonse. Ndodo sankaikonda. Chimene ankadana nacho ndi mwana wowerenga ngati chinkhwe.

"Kuwerenga si kuyang'anitsitsa kope mpaka maso afiire," ankatero. "Werenga pang'ono, tseka kope, unene wekha zimene wamva, m'mawu ako. Zikakukanika tsegulanso. Ndipo ukafuna kudziwa ngati chinthu wachidziwadi, kachiphunzitse mnzako. Pamenepo m'pamene bodza limagwidwa."

M'sabata yachitatu anatigawa awiriawiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo. M'kalasimo tinalimo ambiri, moti madesiki ankathera pakati, akumbuyo n'kumakhala pansi pa simenti yokumbika. Ine anandipatsa Luwiza.

Luwiza anali mlendo pasukulupo. Anabwera chaka chomwecho kuchokera ku Nsanje, ndipo ankakhala ndi azakhali ake ku Sigerege, m'munsi mwa phiri la Michiru. Anali wamtali kuposa atsikana tonse, yunifolomu inkamuthina m'mapewa, ndipo Chichewa chake chinkamveka Chisena, moti akayankhula anyamata ankamuyeserera. Motero anangosiya kuyankhula. Ankakhala pakona, makope ake ali mu jumbo ya shuga. Pa mayeso oyamba anakhala nambala 81.

Titaweruka ndinawatsatira a Khoromana.

"Sala, ameneuja andichedwetsa."

"Akuchedwetsadi," anatero akupukuta bolodi, osandicheukira. "N'chifukwa chake ndakupatsa."

Tinkakumana masana pakhonde la kuseri kwa nyumba yathu. Mpaka lero ndikamva fungo la utuchi ndi vanishi ndimakumbukira khonde limenelo, sowo ya bambo ikulira kutsogolo, nkhuku za aneba zikupalasa pafupi ndi mapazi athu. Tsiku loyamba ndinatsegula notsi za Sayansi n'kumuwerengera tanthauzo la evaporation m'Chingerezi, kawiri, mothamanga.

"Loweza," ndinatero.

"Ndiloweza. Koma zikutanthauza chiyani?"

"Ndakuuza kale."

"Wanena Chingerezi. Nanga m'Chichewa?"

Luwiza anayang'ana chitenje cha amayi chimene chinali pachingwe, chikudontha.

"Kwathu ku Nsanje ukayanika chitenje, usanamalize kutsuka mbale chauma. Kuno chimatenga tsiku lonse. Madzi aja amapita kuti? Kapena ndi zomwezi?"

Zinalidi zomwezo. Zaka ziwiri ndinkalemba mawu amenewo pa mayeso n'kumakhoza, osadziwa kuti akunena za chitenje cha amayi anga. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndinawabisa pomukalipira kuti akufunsa zambiri.

Koma sanasiye kufunsa. Luwiza sankadutsa chinthu asanachimve. Funso lake linali limodzimodzi, "Chifukwa chiyani?" ndipo poopa kuchitanso manyazi ndinayamba kukonzekera asanabwere. Ndinkatseka kope n'kudzifunsa ndekha kuti ichi ndikachinena bwanji m'Chichewa. Zikandikanika ndinkapita kwa a Khoromana nthawi ya buleki. Iwo ankangomwetulira pang'ono, n'kundifotokozera. Kwa nthawi yoyamba zinthu zinayamba kukhala m'mutu mwanga ngakhale mayeso atadutsa.

A Khoromana anatiphunzitsanso kudula makatoni a sopo kukhala timakadi, funso mbali ino, yankho kuseri. Kakadi kamene wakhoza kazipita m'thumba lakumanja, kamene walephera kazipita lakumanzere, ndipo mawa uyambire lakumanzerelo. Ambiri anachita sabata imodzi n'kutopa. Luwiza sanatope. Ulendo wonse wochokera ku Sigerege ankayenda akudzifunsa yekha, milomo ikugwedera, mpaka anthu a m'njira ankamuyesa wopemphera. Timakadi take ankatimanga ndi kamphira kodula ku chubu cha njinga.

Pa Masamu m'pamene anandidabwitsa. Chimene chinkamugwetsa sichinali masamuwo, koma Chingerezi cha funso. Ndikangomumasulira, iye ankafika pa yankho ine ndisanamalize kulemba. Mafulakishoni amene ine ndinkachita kuloweza njira yake, iye anandifotokozera ndi nzimbe, akuwerenga mfundo zake n'kumathyola. Tikamaliza tinkadya nzimbe yomweyo. Amayi anamukonda. Ankatibweretsera mbatata yophika, iye n'kulandira ndi manja awiri akuti, "Takhuta," kuthokoza kwa Chisena, amayi n'kuseka kuti ayi, mwana uyu ngwaulemu.

Teremu yoyamba itatha anakhala nambala 34. Anabwera kwathu akuthamanga, ripoti ili m'manja, akuseka mpaka mano onse kuoneka. Linali tsiku loyamba kumuona akuseka chotero. Inenso ndinakondwa, zoonadi ndinakondwa, chifukwa nambala 34 inali kutali ndi ine.

Tsiku lina m'teremu yachiwiri, akutulutsa makope mu jumbo muja, panagwa kachithunzi. Kanali ka mwana wakhanda wonenepa, atavala kachipewa koluka.

"Mchimwene wako?" ndinafunsa.

Anakatola msanga. Sowo ya bambo inali itasiya kulira, ndipo anadikira mpaka iyambenso.

"Ndi wanga. Dzina lake Yosefe."

Anandiuza zonse motsitsa mawu. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anasiya sukulu kwawo atapezeka ndi pakati, ndipo anakhala pakhomo zaka ziwiri. Mwanayo anamusiya ndi amayi ake. Azakhali ake, amene ankagwira ntchito yokolopa m'maofesi m'tauni, ndiwo anamutenga, akuti ku Blantyre palibe amene akukudziwa, ukayambirenso. Anamupatsa chaka chimodzi. Akakhoza apitirira ku sekondale, akalephera abwerera kumudzi, kumene kunali kale bambo wina wofuna kumukwatira.

"Palibe amene ndamuuza," anatero. "Ukanena, ine ndatha."

Ndinanyambita chala n'kuchidutsitsa pakhosi, monga tinkalumbirira ana masiku amenewo. "Pali Mulungu, sindinena."

Ndipo pamene ndinkalumbira ndinkanena zoona. Ndinamumvera chisoni, ndinayambanso kumuopa pang'ono, poona kuti munthu amene ndinkamukalipira uja anali atadutsa m'zinthu zimene ine sindinkazidziwa n'komwe. Masabata otsatirawo tinawerenga kuposa kale lonse.

Mayeso a moko tinalemba nthawi yozizira, chiperoni chitaphimba Michiru, zala zikukanika kugwira cholembera. Zotsatira zitatuluka, ine ndinali nambala wani monga mwa masiku onse. Luwiza anali nambala folo. Koma pa Masamu anandiposa, ndipo anaposa kalasi yonse.

A Khoromana anamuitanira kutsogolo, n'kumupatsa choko kuti asonyeze mmene anapezera samu imene inatigwetsa tonse. Analemba mpaka kumapeto, n'kufotokoza m'Chichewa chake chija, ndipo tsiku limenelo palibe amene anamuyeserera. Kalasi yonse inawomba m'manja.

"Mwamuona?" anatero a Khoromana. "Januwale anali nambala 81. Sanasinthe mutu, anangosintha kawerengedwe. Muwomberenso m'manja mphunzitsi wake, Tadala."

Anandiwomberadi. Koma ine m'makutu mwanga simunalowe zimenezo. Ndinkangoona choko chili m'dzanja la munthu wina.

Madzulo ake ndinawauza bambo. Anaseka, akupala thabwa. "Yemwe uja umamuphunzitsa pakhonde? Samala mayi, akulanda mpando ameneyo." Ankangocheza, ndipo ndikudziwa kuti pofika mawa lake anali ataiwala. Ine sindinaiwale. Ndinayamba kuwerengera: kuchoka 81 kufika 34, kuchoka 34 kufika folo. Teremu inatsala imodzi.

Lachiwiri lotsatira, nthawi ya buleki, atsikana anamuzungulira Luwiza pansi pa mtengo wa pafupi ndi mpopi, akumupempha kuti awaonetse timakadi take. Iye anatiyala pa siketi yake, akuwafotokozera za thumba lakumanja ndi lakumanzere. Ine ndinaima pambali ndikudya chigumu. Mtsikana wina wolongolola, dzina lake Edina, anandiona.

"Eee, Tadala watha basi! Dolo wa masiku ano ndi Luwiza."

Ena anaseka. Sanaseke kwambiri, ndipo ndikanangokhala chete zikanathera pomwepo. Koma ndinamva pakamwa panga pakuyankhula.

"Chodabwitsa n'chiyani? Munthu wamkulu, ntchembere, kumapikisana ndi ana?"

"Ntchembere?"

"Mufunseni za Yosefe. Mufunseni anamusiya ndi ndani ku Nsanje."

Ndinamva madzi akudontha pampopi paja. Luwiza sanalire, sanakanenso. Anandiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akufunabe kumva bwino chimene chanenedwa. Kenako anatola timakadi take kamodzikamodzi, n'kutimanga ndi kamphira kaja, n'kulowa m'kalasi.

Mawu aja ndinawanena pang'onopang'ono, koma anathamanga kuposa moto wa paphiri. M'mawa mwake tinapeza pabolodi atalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti AMAKE YOSEFE. Luwiza akaimirira kuti ayankhe funso, anyamata akumbuyo ankalira ngati khanda. Wina anamuikira kansalu kopindidwa ngati thewera mu jumbo yake. Ngakhale ana a Sitandade 5 ankamutsatira panjira akuimba dzinalo. A Khoromana anawagwira anyamata anayi n'kuwakumbitsa dzenje la zinyalala, koma pakamwa pa sukulu yonse sakanapatseka. Luwiza anapirira masiku atatu. Tsiku lotsatira malo ake anali opanda munthu. Kwathunso sanabwere.

Patatha sabata a Khoromana anandiuza kuti nditsale ena akaweruka. Anakhala pa desiki ya ana, n'kundilozera ina.

"Anakuuza yekha?"

"Eya, sala."

"Anauza anthu angati?"

"Ine ndekha."

Anagwedeza mutu. "Ine ndinkadziwa kuyambira tsiku limene anabwera. Azakhali ake anatiuza, ine ndi ahedi. Ukuganiza kuti ndinamupereka kwa iwe mwangozi? Ndinayang'ana kalasi yonse, ndinati mwana wanzeru uyu ndiye angamunyamule."

Ndinayang'ana pansi, ndikudikira ndodo. Ndinkailakalaka ndodoyo.

"Sindikumenya," anatero. "Ndikakumenya uziona ngati walipira. Ine ndinapita kwawo dzulo, wakana kutuluka m'nyumba. Azakhali ake ayesa, zakanika. Amene anamuchotsa ndi iwe, ndipo amene angamubweze ndi iwe. Pita ukamutenge, mwana wanga. Nthawi ikadalipo."

Loweruka m'mawa ndinanyamuka. Kunali kachiperoni kowaza, njira yoterera, ndipo ndinakwera chitunda cha ku Sigerege ndikubwereza m'mutu mawu oti ndikanene, monga ndinkachitira ndi notsi. Ndinafunsa kwa amayi ena ogulitsa makala, anandilozera kanyumba ka zidina, ka malata opsinjidwa ndi miyala. Pambali pake panali nthochi zowirira. Ndinaima kuseri kwa nthochizo.

Luwiza anali panja, atandifulatira, atawerama pa beseni akutsuka mbale. Anali atavala chitenje ndi juzi ya azakhali ake, ndipo popanda yunifolomu ankaonekadi munthu wamkulu. Ankaimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi m'Chisena. Ndinkangofunika kutuluka n'kunena kuti, "Luwiza, pepa, tiye Lolemba."

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, madzi a m'masamba a nthochi akundidonthera m'khosi. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti chimene chinandigwira miyendo ndi mantha, kuti ndinkaopa kuti andilalatira pamaso pa anthu. Mantha analipodi. Koma tsopano ndakula, ndinene zonse. Pansi pa manthawo panali kamawu kena kakang'ono, kozizira, kakundiuza kuti akapanda kubwera, mpando uja ndi wanga mpaka mayeso. Ndinakamva bwinobwino kamawuko. Ndinatembenuka, n'kutsika phiri.

Lolemba ndinawauza a Khoromana kuti sindinamupeze. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso awo ofiira ndi fumbi la choko.

"Chabwino," anatero. Sanandifunsenso.

Patatha masabata awiri amayi anabwera kuchokera ku Misa ali ndi nkhani. Anakumana ndi azakhali ake a Luwiza, amene anawauza kuti mtsikanayo wabwerera ku Nsanje. Anachita kupempha yekha, akuti kuli bwino akalere mwana wake kusiyana n'kukhala choseketsa cha ana. "Chachitika n'chiyani kusukulu kwanuko?" amayi anandifunsa. Ndinati sindikudziwa. A Khoromana sanawauze makolo anga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati chimenecho chinali chifundo kapena chilango.

Teremu yachitatu ndinawerenga ndekha pakhonde paja. Panalibenso wondifunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo pang'onopang'ono ndinabwerera ku kuloweza kwanga. Pa mayeso enieni ndinaona kusiyana kwake. Mafunso a zinthu zimene ndinaphunzitsa Luwiza, ngakhale anawatembenuza chotani, ndinkawayankha ngati ndikucheza. A zimene ndinawerenga iye atachoka ndinkachita kukanda mutu, kusaka mzere wa m'notsi umene sunkabwera. Komabe ndinakhoza, ndipo ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Bambo anapha nkhuku. A Khoromana anandigwira chanza monga anagwirira ena onse, osawonjezera liwu. Chaka chotsatira anapuma pantchito n'kubwerera ku Phalombe, ndipo anamwalira ndisanawauze kuti tsiku lija ndinawanamiza.

Panadutsa zaka khumi ndi zitatu. Ndinali nditamaliza koleji, ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Bangwe. Amayi anadwala n'kugonekedwa ku chipatala chachikulu cha mumzinda, ine ndikuwadikirira. Tsiku lina masana ndinapita kukatsuka makapu kumpopi wa kumalo kwa odikirira odwala. Mayi wina wamtali amene anali patsogolo panga anatembenuka, n'kundiyang'anitsitsa.

"A Tadala?"

Anali Luwiza. Nkhope inali itauma ndi dzuwa, kumsana ali ndi mwana, koma maso anali omwe aja. Anabwera kudzadikirira azakhali ake aja, amene anali atachitidwa opaleshoni. Tinakhala pa kakhoma pafupi ndi mpopiwo. Anandifunsa za amayi, za bambo, ngati shedi ija ikadalipo. Ankanditchula kuti "inu", ndipo liwu limenelo linkandilasa kuposa kutukwana. Anandiuza kuti anakwatiwa chaka chomwe chija, ali ndi ana anayi, amalima mapira ndi nyemba kudimba. Yosefe anali Fomu 1. Atamva kuti ndine mphunzitsi anati, "Zinakuyenerani. Munkatha kuphunzitsa."

Pamenepo sindinathenso kupirira. Ndinamuuza kuti ndinalakwa, kuti palibe chaka chimene chinadutsa osakumbukira zimene ndinanena pansi pa mtengo paja. Kenako ndinamuuza chimene ndinali ndisanauzepo munthu aliyense, kuti a Khoromana anandituma, kuti ndinafika mpaka pakhomo pawo, n'kuima kuseri kwa nthochi, n'kubwerera.

Anakonza kaye mwana kumsana. Poyankha, "inu" uja anali atamusiya.

"Ndinakuona."

"Unandiona?"

"Ndinakuona ukukwera chitunda. Unavala juzi yofiira. Mbale zija zinali zinayi zokha, Tadala. Ndinazitsuka katatu, kudikira kuti utuluke." Anayang'ana kumbali, kumene amayi ena ankayanika zovala. "Azakhali ananena, aphunzitsi ananena, koma iwo sakanakhala nane m'kalasi muja. Ndinkafuna munthu mmodzi woti ndikalowe naye pakhomo. Ukanangoti tiye, ndikanabwera."

Ndinalira pamaso pa anthu onse aja, ine mayi wamkulu, makapu ali m'manja. Iye sanalire. Sananenenso kuti palibe kanthu, monga timanenera pofuna kupeputsa mnzathu, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Anangodikira kuti nditonthole, kenako anati, "Mayeso aja ndikanakhoza."

"Ukanakhoza," ndinatero. "Mwinanso kundiposa."

"Mwina," anatero, n'kumwetulira pang'ono. Kenako wina anamuitana kuti adokotala afika ku wodi, ndipo ananyamuka. Mawa lake ndinamusakasaka, koma azakhali ake anali atatulutsidwa.

Ndaphunzitsa ana ambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo ndaona kuti njira zowerengera si zovuta kuphunzitsa. Mwana aliyense, ngakhale wa pakona, akhoza kuzigwira m'masabata ochepa n'kuyamba kukwera. Chovuta ndi mtima woti abwerenso mawa. Mtima umenewo umamangidwa pang'onopang'ono, miyezi yathunthu, koma kuugumula ndi mawu a mphindi imodzi, ndipo nthawi zambiri wougumula si mdani ayi, ndi yemwe uja anathandiza kuumanga, chifukwa ndi amene amadziwa pofewa. Ndaonanso kuti mwana wanzeru amene wangophunzitsidwa kupambana amakhala wamantha kuposa wolephera, ndipo mantha akewo amalipidwa ndi ena. Ana otere ndimawazindikira msanga, ndimawaitanira pambali, ndipo nkhani iyi ndimawauza osabisa dzina langa.

Koma sindidzinamiza kuti potero ndabweza kanthu. Ana amene ndikuwathandiza lero ndi ena, Luwiza ndi wina, ndipo chaka chake chinali chimodzi chokha. Kulakwa kwa pansi pa mtengo kuja kunali kwa mwana wopsa mtima, kukanatha kukonzedwa, ndipo mwayi woti ndikukonze ndinapatsidwa. Kumene kumandilemera ndi kwachiwiri, kumene ndinachita nditaganiza bwino. Kuchokera pa nthochi zija kufika pa beseni lake panali mapazi osakwana makumi awiri. Ndayenda maulendo ataliatali m'maphunziro anga, koma kamtunda kameneko kanandikanika.